Matumbo a nkhuku zanyama: kodi zosakaniza m'cakudya zimathandiza pati?

Nkhuku zanyama, zija ambiri timangoti mabroila kapena frango, zimakula mwacangu kwambiri. Mwanapiye wa tsiku limodzi amalemera magalamu 40 kapena kuposerapo pang'ono. Akasamalidwa bwino, pomatha masabata 5 kapena 6 amakhala atafika makilogalamu awiri. N'cifukwa cake anthu ambiri kuno ku Milange akuyesa ulimi umenewu. Ndalama imabwera msanga, komanso imatha kupita msanga. Pa ndalama zonse zimene mlimi amawononga poweta nkhukuzi, cakudya cokha cimatenga pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 alionse. Cakudya conseco cimadutsa m'matumbo. Matumbo akadwala, ndalama ija imathera m'zitosi.

M'masitolo a zaulimi, kaya kuno kwathu kapena kutsidya ku Muloza ndi ku Mulanje, muli timapaketi ndi timabotolo tambiri. Ogulitsa amati mukathira m'cakudya kapena m'madzi, nkhuku zikula msanga ndipo sizidwala. Zina mwa izo zimathandizadi. Zina zimathandiza pa vuto limodzi lokha. Zina zingavulaze nkhuku ngakhalenso anthu odya nyamayo. Tiyeni tione ciliconse pacokha, kuti pogula mudziwe cimene mukugula.

Mmene cakudya cimasandukira nyama

Nkhuku ilibe mano. Ikameza cakudya, cimayamba caima m'cithokomiro kuti cifewe. Kenako cimapita m'mimba, n'kulowa m'nthutumba mmene cimaperedwa. Cikacoka apo cimalowa m'matumbo aang'ono, ndipo ndi mmenemo thupi limayamwa zofunika zonse.

Khungu la mkati mwa matumbo si losalala ayi. Lili ndi tizala ting'onoting'ono tambirimbiri, tonga ubweya wa thaulo. Tizala timeneti ndi timene timayamwa cakudya. Tikakhala tatitali ndi tathanzi, nkhuku imapindula ndi ciliconse cimene yadya. Tikaperepeseka ndi matenda, cakudya cimangodutsa.

M'matumbomo mumakhalanso mabakiteriya osawerengeka. Si onse oipa. Ambiri amathandiza kugaya cakudya ndiponso amatsekereza malo kuti oipa asakhazikike. Vuto limayamba pamene oipa aculuka kuposa abwino.

Tiwerengere limodzi. Nkhuku yathanzi ingadye makilogalamu atatu ndi theka kuti ifike makilogalamu awiri. Nkhuku 100 ndiye kuti zidya makilogalamu 350, amene ndi matumba 7 a makilogalamu 50. Koma ngati matumbo avulala ndipo nkhuku iliyonse ikufuna makilogalamu anayi kuti ifike pomwepo, matumba aja akhala 8. Thumba lathunthu lapita popanda nkhuku ngakhale imodzi kufa. Mwaona? Matenda a m'matumbo amaba mwakacetecete.

Adani atatu a matumbo

Woyamba ndi matenda a kokisidiyosisi, aja opangitsa nkhuku kutsekula m'mimba, nthawi zina zitosi zili ndi magazi. Amayamba ndi tizilombo ta mtundu wa Eimeria. Mazira a tizilomboti amatuluka m'zitosi. Akagwera pa utuci wonyowa ndi wofunda, amakhwima pa tsiku limodzi kapena awiri. Nkhuku ina ikawatola, amalowa m'khungu la matumbo n'kuswana mmenemo mpaka kuling'amba. Matendawa amakonda kuoneka nkhuku zikakhala ndi masabata atatu kupita m'tsogolo. Nkhuku imazyolika, nthenga zimanyankhalala, imasiya kudya.

Waciwiri ndi bakiteriya wochedwa Clostridium perfringens. Ameneyu amakhala m'matumbo ngakhale a nkhuku zathanzi, koma wocepa. Kokisidiyosisi ikang'amba matumbo, iye amapeza mpata, amaswana msanga n'kutulutsa poizoni woolesa khungu la matumbo. Nkhuku zimatha kufa mwadzidzidzi, kawirikawiri pakati pa sabata yaciwiri ndi yacisanu. Cakudya cokhala ndi nsomba zouma zambiri cimamuthandiza kuswana.

Wacitatu ndi cuku. Cimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimacita cuku, ndipo mitundu ina ya cuku imatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga ciwindi, amacedwetsa kukula, ndiponso amafooketsa citetezo ca m'thupi moti ngakhale katemera sagwira bwino nchito. Anthu anamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cokhala ndi mtedza wa cuku wocokera ku Brazil. Kuphika kapena kukazinga sikumucotsa.

Kuno kwathu adani atatuwa ali ndi bwenzi limodzi: cinyezi. Dera lozungulira phiri la Tumbine limalandira mvula yambiri. Ndipo ngakhale dzinja litatha, pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera ciperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kuja. Dzina lake linacokera ku phiri la Chiperone, limene lili m'boma lomwe lino la Milange. Ciperoni cimabwera pa nthawi imene tikuyanika cimanga, ndipo cimanyowetsanso utuci m'khola. Mlimi wa kuno ayenera kulimbana ndi cinyezi kuposa anzake a kumadera ouma.

Nanga bwanji osangothira maantibayotiki?

Ca m'ma 1950, akatswiri awiri a ku America, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, anapeza kuti nkhuku zodya tizidutswa ta mankhwala a aureomycin zimakula msanga. Kucokera pamenepo, mafamu ambiri padziko anayamba kuthira maantibayotiki m'cakudya tsiku ndi tsiku, ngakhale nkhuku zisakudwala.

Patapita zaka, coipa cake cinaonekera. Mabakiteriya akamakumana ndi mankhwala ocepa tsiku lililonse, ofooka amafa koma olimba amatsala n'kuswana. Mapeto ake mankhwala aja sagwiranso nchito. Mabakiteriya olimbawo sakhala m'khola mokha. Amafika kwa anthu kudzera m'nyama, m'manja, m'madzi ndi m'manyowa. Dziko la Sweden linaletsa kugwiritsa nchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 1986, ndipo maiko onse a European Union analetsa kuyambira pa 1 Januwale 2006. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zacipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa padziko lonse cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala.

Apa sitikunena kuti nkhuku yodwala isapatsidwe mankhwala. Maantibayotiki ndi ociritsira matenda a mabakiteriya, pamene wodziwa za ziweto waona n'kunena kuti akufunika. Si cakudya, si mavitamini. Ndipo makapisozi a anthu, aja ena amatsegula n'kuthira m'madzi a nkhuku, asiyeni akhale a anthu.

Maiko aja ataletsa maantibayotiki, akatswiri anafufuza njira zina zotetezera matumbo. Zambiri mwa zosakaniza zimene mukuona m'masitolo lero zinafala cifukwa ca zimenezi.

Mabakiteriya abwino

Pa paketi amalemba probiotic kapena probiótico. Amenewa ndi mabakiteriya amoyo, monga Lactobacillus ndi Bacillus subtilis. Musadabwe kumva kuti bakiteriya angakhale wabwino. Amene amawawasitsa cambiko ndi a m'gulu lomweli.

Mwanapiye wa kumudzi amatola mabakiteriya abwino kwa make pamene akutsatira pofukula. Mwanapiye wa m'makina saona make. Amafika m'khola matumbo ake ali ngati munda wolimidwa kumene, ndipo cimene cayamba kugweramo ndico cimamera. Mu 1973, Esko Nurmi ndi mnzake ku Finland anaonetsa kuti anapiye opatsidwa mabakiteriya ocokera m'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi sagwidwa msanga ndi Salmonella. Conco nthawi yabwino yopereka mabakiteriya abwino ndi masiku oyambirira, komanso nkhuku zikangomaliza kumwa maantibayotiki.

Kumbukirani kuti ndi zamoyo. Paketi imene yakhala pa dzuwa pamsika, kapena yayenda tsiku lonse pa njinga kunja kukutentha, ingakhale yakufa kale. A mtundu wa Bacillus amapirira kutentha kuposa a Lactobacillus. Musawathire m'madzi a klorini wambiri, ndipo musawasakanize ndi maantibayotiki, cifukwa mankhwalawo sasankha wabwino ndi woipa.

Palinso zina zocokera ku yisiti, zimene pa paketi amalemba prebiotic kapena MOS. Izi si zamoyo. Nchito yake ndi kudyetsa mabakiteriya abwino, komanso kukola ena oipa kuti asamamatire ku khungu la matumbo.

Maasidi

Mabakiteriya oipa ambiri sakonda malo owawasa. N'cifukwa cake opanga cakudya amathiramo maasidi monga formic, propionic ndi butyric. Wa propionic amaletsanso cuku kumera m'cakudya. Wa butyric amadyetsa khungu la matumbo kuti tizala tija tikule bwino. Alimi ena amathira vinyega m'madzi, koma ameneyu mphamvu yake ndi yocepa, ndipo akaculuka nkhuku zimakana kumwa. Nkhuku yosamwa madzi imasiyanso kudya.

Maenzayimu

Izi ndi zothandiza kugaya. Yodziwika kwambiri ndi phytase. M'cimanga, m'gaga ndi mu soya muli mcere wa fosiforasi umene umalimbitsa mafupa, koma wambiri ndi womangika moti nkhuku singaugwiritse nchito. Phytase amaumasula. Maenzayimu ena amathandiza kugaya makoko a mbewu. Cakudya cikagayika bwino kumtunda, cotsalira mabakiteriya oipa kumunsi kwa matumbo cimacepa. Cakudya cambiri ca m'matumba cimabwera maenzayimu ali kale momwemo, ndiye palibe cifukwa coonjezera.

Zokola poizoni wa cuku

Izi kawirikawiri ndi dothi lapadera lopera bwino, monga bentonite. Limagwira aflatoxin m'matumbo n'kutuluka naye m'zitosi. Zimathandiza pamene poizoni ndi wocepa. Koma sizigwira bwino mitundu ina ya poizoni wa cuku, monga fumonisin amene amapezekanso m'cimanga. Ndipo sizingasandutse cimanga coola kukhala cabwino. Cizolowezi cija cosankha cimanga cabwino n'kupatsa nkhuku coola, kwa mabroila ndi kutaya ndalama basi.

Mankhwala a kokisidiyosisi

Alipo a mitundu iwiri. Ena ndi oteteza, monga salinomycin ndi monensin, ndipo amathiridwa kale m'cakudya ku fakitale. Amenewa si oti munthu azisakaniza yekha ndi manja, cifukwa akapitirira muyezo pang'ono amapha nkhuku. Ndi poizoninso kwa abulu, akavalo ndi agalu. Nkhuku zikamadya cakudya cokhala ndi mankhwalawa zisapatsidwe mankhwala a tiamulin, awiriwa akakumana amalumalitsa nkhuku.

Ena ndi ociritsa, monga amprolium, amene amathiridwa m'madzi matenda akaoneka. Amprolium amagwira nchito pomana tizilombo tija vitamini B1. Ndiye mukathira mavitamini a B m'madzi omwewo, mukudyetsa mdani amene mukufuna kumupha ndi njala. Mavitamini aperekeni mankhwala akatha.

Za m'dimba

Adyo, jinja ndi masamba a cammwamba, ambiri amazikhulupirira. Akatswiri aziyesa m'maiko ambiri. Nthawi zina zimaonetsa phindu pang'ono, nthawi zina ayi, cifukwa mphamvu yake imasiyana malinga ndi mbewu, dothi ndi kaumitsidwe. Masamba a cammwamba ouma ali ndi zomanga thupi ndi mavitamini, koma akaculuka m'cakudya mabroila amacedwa kukula. Mungathe kuthira pang'ono, koma musadalire zimenezi pamene nkhuku zayamba kutsekula magazi.

Ngati mumasakaniza nokha cakudya

Cimanga tili naco cambiri kuno. Soya nayenso sali patali. Madera a Lioma ndi Ruace m'boma la Gurué amadziwika ndi ulimi wa soya, ndipo wambiri amagulidwa ndi opanga cakudya ca nkhuku. Conco kusakaniza nokha kungacepetse mtengo. Koma samalani zinthu zitatu.

Coyamba, soya wamuwisi ali ndi zinthu zoletsa thupi kugaya zomanga thupi. Nkhuku zikamudya zimatsekula m'mimba ndipo sizikula. Mukazingeni mpaka fungo la uwisi lithe, koma asapserere.

Caciwiri, cimanga ciume ndithu. Njira yapafupi yoyesera ndi iyi: ikani cimanga codzaza dzanja m'botolo louma la galasi, thiranimo mcere wouma, tsekani n'kukhuchumula. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cimanga sicinaume. Matumba asanjikeni pa mitengo kapena matabwa, asakhudze pansi kapena khoma.

Cacitatu ndi premix, ufa uja wokhala ndi mavitamini ndi micere. Gulani wa nkhuku zanyama, osati wa zoikira mazira. Amafunika wocepa kwambiri. Ngati pa paketi alemba makilogalamu awiri ndi theka pa tani imodzi, ndiye kuti pa thumba la makilogalamu 50 mukufunika magalamu 125 okha. Mukangouthira pa mulu waukulu, nkhuku zina zidya wambiri, zina sizilawa n'komwe. Yambani kusakaniza ndi mbale imodzi ya ufa, kenako ndi cidebe cimodzi, kenako ndi mulu wonse. Anapiye amafuna zomanga thupi zambiri, pafupifupi magawo 22 pa 100 alionse, pamene zazikulu zotsala pang'ono kugulitsidwa zimakwana ndi 18 kapena 19.

Zimene zosakaniza sizingacite

Palibe cosakaniza ciliconse cimene cingaletse citopa kapena gumboro. Matenda amenewa amayamba ndi mavayirasi, ndipo ngakhale maantibayotiki sawapha. Njira yake ndi katemera. Pogula anapiye funsani katemera amene alandira kale ndi masiku oyenera kupereka wotsatira. Pa tsiku lopereka katemera wa m'madzi, madziwo asakhale ndi klorini, asidi kapena mankhwala ena.

Nkhuku zacikuda za pakhomo nazonso zilandire katemera, cifukwa zingathe kubweretsa citopa ku khola la mabroila. Katemera wake ndi I-2, wodonthezera m'diso. Anayambira ku University of Queensland ku Australia, ndipo kuno ku Mozambique amapangidwa ku Maputo ndi nthambi yoona za ziweto ya bungwe la IIAM. Amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, kawirikawiri mu Malici, Julayi ndi Novembala. Alangizi a ku ofesi ya SDAE angakuuzeni za nthawi ndi malo.

Zosakaniza sizingaumitsenso utuci. Tengani utuci wodzaza dzanja n'kuufinya. Ukaumbika ngati nsima, wanyowa. Cotsani ponyowapo, makamaka pozungulira zomwera, n'kuika wouma. Kwezani zomwera zifike pa msana wa nkhuku kuti madzi asatayike. M'nyengo ya ciperoni musatseke khola lonse ndi mapulasitiki poopa kuzizira. Siyani mpata kumtunda kuti mpweya wonyowa uzituluka. Tsukani zomwera tsiku lililonse. Madzi amene inu simungamwe, nkhuku musazipatse. Mukagulitsa zonse, cotsani utuci wakale, tsukani khola, ndipo likhale lopanda nkhuku kwa masabata awiri.

Popeza tili m'malire, nkhuku ndi anthu zimayenda mbali zonse ziwiri, ndipo matenda alibe pasipoti. Ogula asamalowe m'khola. Atulutsireni nkhuku panja. Nkhuku yobwerera ku msika isasakanizidwe ndi zinzake.

Werengani paketi musanalipire

Katundu wa kuno amabwera m'zinenero ziwiri. Wocokera ku Nampula, Quelimane kapena Chimoio amalembedwa m'Cipwitikizi, wocokera ku Malawi m'Cingelezi. Mawu ofunika kuwadziwa ndi ocepa. Tsiku lothera mphamvu amalemba validade kapena expiry date. Zimene zili mkatimo amalemba composição kapena composition. Pamenepa yang'anitsitsani, cifukwa mapaketi ena amene amaoneka ngati a mavitamini amakhala ndi maantibayotiki monga oxytetracycline.

Mawu ena ofunika kwambiri ndi intervalo de segurança kapena withdrawal period. Amenewa ndi masiku oyenera kudikira kucokera pamene nkhuku yamaliza mankhwala kufikira pamene ingaphedwe. Mukagulitsa masikuwo asanakwane, wodya nyamayo amadyanso mankhwala. Mwina ndi mwana wanu yemwe. Ufa wogulitsidwa m'kapulasitiki kopanda dzina, ngakhale uchipe bwanji, usiyeni.

Yesani nokha

Wogulitsa aliyense amayamikira katundu wake. Inu khulupirirani sikelo. Mukafuna kuyesa cosakaniza catsopano, gawani khola pawiri ndi waya kapena mphasa. Mbali imodzi ipatseni, mbali inayo ayi, koma zina zonse zikhale zofanana. Sabata iliyonse yezani nkhuku 10 za mbali iliyonse. Lembani m'kope kulemera kwake, cakudya cimene zadya, ndi zimene zafa. Pogulitsa, onani ngati nyama yoonjezereka yabweza ndalama imene munagulira cosakanizaco. Yesani cimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe cimene cathandiza.

Ngati ndalama ndi yocepa, yambani ndi katemera, cakudya couma copanda cuku, madzi oyera ndi utuci wouma. Sungani amprolium pang'ono kuti sabata yacitatu isakudzidzimutseni. Ikatsalako, ndiye ganizirani za mabakiteriya abwino pa masiku oyambirira, ndi zokola poizoni ngati mumasakaniza nokha cakudya. Ndipo nkhuku zikayamba kufa zingapo pa tsiku, musathamangire ku sitolo kukagula ciliconse. Patulani zodwala, kwirirani zakufa mozama, ndipo itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.